Kale wotuluka m'nyumba anali mwamuna

Adzukulu anga, kwathu ku Chiradzulu, m'masiku amene ine ndinkakula, banja likamatha wonyamula katundu anali mwamuna. Inu obadwira muno mu Blantyre mumayesa kuti chiyambire kalekale mkazi ndiye amapirikitsidwa usiku, mwana kumsana, mtolo wa zovala pamutu. Kwa ife a chikamwini sizinali choncho. Mwamuna ankachita kubwera kumudzi kwa mkazi. Ankamulozera malo, iye n'kumanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake, n'kumalima munda wa kuchikazi. Nyumbayo, ngakhale anazika mitengo ndi kufolera udzu ndi manja ake, inali ya mkazi ndi ana. Zinthu zikafika poipa, ankatenga khasu lake, nkhwangwa, mkeka ndi malaya ake, n'kubwerera kumene anachokera. Ana ankatsala, pakuti ana ndi a kwa mayi wawo, ndipo wowayang'anira wamkulu ndi amalume awo, mwinimbumba. N'chifukwa chake akuluakulu ankayerekeza mkamwini ndi tambala wobwereka, amene tsiku lina amabwezedwa kwa eni ake.

Sindikunena kuti kumudzi kunalibe nkhonya. Zinalipo, ndipo azimayi ena anakalamba ndi zipsera. Analipo amuna obwera kumowa wa masese atayaka, n'kuyambitsa ndewu chifukwa choti ndiwo zachepa mchere. Mawu oipa aja, akuti nkhonya ndi mankhwala a banja, sanabadwire m'tauni. Koma taonani mmene mudzi unakhalira. Nyumba ya mayi ako ili apo, ya achemwali ako ili apo, alongo ako osakwatira agona m'gowelo poteropo. Mkazi akakuwa kamodzi, asanakuwe kachiwiri chitseko chagogodedwa kale. Mkamwini ankadziwa kuti akakweza dzanja, walikweza pakati pa abale a mkaziyo. Ndipo amene ankachita manyazi kukuwa anali ndi njira ina. M'mawa pamtondo, akusinja ndi anzake, ankaponya dandaulo lake m'nyimbo osatchula dzina la munthu, koma mudzi wonse unkamva kuti akunena yani. Dzuwa lisanalowe ankhoswe aitanidwa.

Ankhoswe a masiku amenewo sanali anthu ongotchena pa tsiku la chinkhoswe, kusinthana nkhuku, kujambulitsa, basi. Ankakhala a mbali ziwiri, a kuchimuna ndi a kuchikazi, ndipo iwowo ndiwo anali eni ukwati. Mwana akadwala, oyamba kuuzidwa anali iwo. Maliro akagwa, iwo omwewo. Ndewu ikabuka, ankakhazika awiriwo pansi kuti aliyense anene zake. Akalephera kangapo, nkhani inkapita kwa nyakwawa, ndipo kumeneko ukwati unkamasulidwa pabwalo, masana, anthu akuona. Kusudzulana kunali ndi mboni zake, monga momwe kukwatirana kunalili ndi mboni. Mwamuna ankachoka ataperekezedwa ndi abale ake, ndipo akaganiza zobwerera usiku ndi mkwiyo, ankadziwa kuti akapeza alamu ake ali maso. Apa ndiye mumvetsetse: pa nthawi yoopsa kwambiri, nthawi yolekana, mkazi sankasiyidwa yekha ndi munthu amene akulekana nayeyo.

Anzathu a malowolo, a ku Mzimba, ku Rumphi, ku Karonga, ndi Asena a kuchigwa cha Shire, zawo zinali zina. Kumeneko mkazi ndiye ankapita kwa mwamuna, ndipo akafuna kuchoka pankabuka nkhani ya ng'ombe kapena ndalama zimene abale ake analandira, mwina anadya kale, mwina analowolera nazo mlongo wake. Mkazi wotere akathawira kwawo, nthawi zambiri omubweza ankakhala bambo ake omwe. Izi ndinadzazimva kwa iwo eni titakhala moyandikana m'tauni muno.

Ine ndinafika ku Blantyre dziko litangolandira ufulu mu 1964, ndikutsatira malemu agogo anu aamuna. Blantyre ndi Limbe anali ataphatikizidwa kale mu 1956, ndipo mu 1966 anatchedwa mzinda. Ntchito za amuna zinalipo: ku fodya kwa Imperial Tobacco ku Limbe, ku njanji, ku Mandala, kenaka ku nsalu kwa David Whitehead ndi ku Carlsberg ku Makata, ndiponso ukhukhi ndi ulonda m'nyumba za azungu ku Sunnyside ndi ku Namiwawa. Akazi olembedwa ntchito anali owerengeka, anamwino, aphunzitsi ndi ena ochepa otaipa m'maofesi. Enafe tinkangodikira kuti mwezi uthe. Tsono nyumba inkatsata ntchito. Ya kampani inali m'dzina la wogwira ntchitoyo. Ya Malawi Housing Corporation ku Kanjedza, ku Chitawira kapena ku Nkolokosa inkalembedwa dzina la wolandira malipiro. Ya lendi ku Ndirande kapena ku Mbayani, landilodi ankadziwa nkhope ya wolipira. Ife amene kwathu tinali eni khomo tinangopezeka tasanduka alendo, ndipo ndinayamba kumva mawu amene kwathu mkamwini sakanayerekeza kuwatulutsa pakamwa: "Tuluka m'nyumba mwanga."

Ankhoswe anatsala ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mzimba. Kuti uwaitane pankafunika kalata, ndipo popeza ambirife sukulu tinailekera panjira, wokulembera ankakhala mwana wa oyandikana nawo, chinsinsi chonse n'kukhala poyera. Kuti upite wekha pankafunika ndalama ya basi ya UTM, ndipo ndalamayo inali m'thumba la yemwe akukumenyayo. Mtondo nawo unasiyidwa, chimanga chinayamba kupita kuchigayo, ndipo pachigayo palibe amene angamve nyimbo ya mnzake. Ena anayamba kubwereka ankhoswe: mnzake wa mwamuna wa kuntchito, kapena munthu wongochokera boma limodzi amene anadziwana naye pamaliro. Nkhoswe wotere Loweruka amwera limodzi Chibuku ndi mwamunayo. Lolemba akamudzudzula bwanji? Enanso ambiri anangolowana, popanda nkhoswe ndi mmodzi yemwe.

Ku Ndirande tinkakhala m'mphepete mwa Nasolo, m'nyumba za mdadada. Ndalama ya kwacha itangolowa m'malo mwa mapaundi mu 1971, m'nyumba yoyandikana ndi yathu munalowa banja lina lachinyamata. Dzina la mayiyo sindilitchula, ana ake alipo ndipo nawonso ali ndi ana. Anali wa ku Thyolo, munthu wakhama, wosoka malaya a ana pa makina opukusa ndi dzanja amene anagula ndi ndalama ya mandasi. Mwamuna ankagwira ntchito pa fakitale ina. Zaka zoyamba ankamumenya mwa apo ndi apo, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndipo m'mawa mwake mayiyo ankatuluka kukatunga madzi atakokera mpango kumaso. Kenaka zinamveka kuti bamboyo ali ndi mkazi wina ku Chilomoni, ndipo malipiro anayamba kuthera kumeneko. Nthawi imeneyo n'kuti awiriwo atapeza kale poloti yawo kumtunda, mayiyo akuumba yekha njerwa, mwana ali kumsana.

Tsiku lina anamuuza mwamuna wake, mwaulemu ndithu, kuti watopa, walembera kalata amalume ake, ndipo akabwera akufuna asudzulidwe. Adzukulu anga, nkhonya za zaka zonse zija zinali zina, za sabata imeneyo zinali zinanso. Kale ankamenya n'kugona. Tsopano anasiya ndi kugona komwe. Popita kuntchito ankamukiyira m'nyumba. Makina aja anakawagulitsa. Zitenje zake anaziwotcha pabwalo, ife tikuona. Zipupa za nyumba zimenezo zinali zopyapyala, moti usiku tinkamva chilichonse, ndipo mawu amene sanandichoke m'makutu ndi awa: "Pano uchoka uli m'bokosi." Azimayi tikagogoda ankatiyankha kuti tikasamale mabanja athu. Amuna a pamalopo ankati za m'nyumba ya mwini salowerera, poti mawa awiriwo agwirizana, woipa n'kukhala iwe. Mayiyo atapeza mpata anathamangira kupolisi, ndipo anabwerako ndi yankho limene azimayi ambiri a msinkhu wanga analilandirapo: "Imeneyo ndi nkhani ya m'banja, mayi, pitani kwa ankhoswe."

Amalume aja anabweradi. Anali munthu wabwino, wachikulire, wa jekete yake imodzi. Mkamwini anawalandira ndi tiyi wa mkaka ndi buledi, anawaphera nkhuku, anagwada pansi n'kunena kuti ndi Satana, ndi mowa, sadzabwerezanso. Anawapatsa ndi ndalama yobwererera yomwe. Amalumewo anayang'ana nyumba ya malata, anayang'ana ana, anakumbukira njala ya kumudzi, n'kuuza mwana wa mlongo wawoyo kuti banja ndi kupirira. Madzulo anakwera basi. Mawu amenewo ankanenedwanso kumudzi, koma kumudzi wowanenayo ankagona nyumba yachiwiri, khutu lili tcheru. Awa anawanena n'kupita ku Thyolo, kusiya mkazi amene waulula zonse ali m'chipinda chimodzi ndi mwamuna amene wachititsidwa manyazi.

Sabata isanathe tinamunyamula usiku kupita naye ku Gulupu, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Mkono unali utathyoka, ndipo pathupi pamene anali napo anapita padera. Anamwino atamufunsa, iye anati wagwa potunga madzi. Ngakhale pamenepo ankabisabe, ndipo akale sananame kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwamwayi iyeyu sanafe. Atatulutsidwa m'chipatala sanapondenso ku Ndirande. Azimayi tinasonkherana matambala, mmodzi anakatenga ana mwamuna ali kuntchito, ndipo tinakamukweza basi pa Wenela. Nyumba ya njerwa zake zija inamalizidwa, ndipo amene analowamo ndi mkazi wa ku Chilomoni uja.

Mwina mufunsa kuti kodi makhoti kunalibe? Analipo. Kuyambira mu 1969 mpaka nthawi ya matipate cha m'ma 1994, milandu yambiri ya mabanja inkapita kumakhoti a miyambo, amene tinkangoti a Traditional, kumene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Funso loyamba kumeneko linali lakuti, ankhoswe anu ali kuti? Mukakhala ongolowana, ngakhale mubereke ana asanu, khoti linkati chimenecho ndi chibwenzi, palibe ukwati woti lithetse. Mukakhala ndi ankhoswe, n'kupezeka kuti wolakwa ndi mwamuna, ankamulamula kulipira chipukutamisozi ndi kumangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, monga mwa mwambo wa chikamwini. Chigamulo chimenecho sindichinyoza, ambiri chinawathandiza. Koma nyumba yonenedwayo inali ya kumudzi, kawirikawiri ya udzu, pamene ya malata ya m'tauni, imene awiriwo anakhetsera thukuta limodzi, inkatsala ndi amene dzina lake lili papepala. Chinanso, khoti linkaweruza za ukwati, koma za usiku wa lero silinkafunsa. Kuchokera tsiku lotenga samani kufika tsiku la mlandu, mkazi ankagona kuti? Ambiri ankagona m'nyumba yomweyo, ndi munthu yemwe amusumirayo.

Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo azimayi tonse tinali mbumba yake. Tinkavala nsalu ya nkhope yake kukavina pasitediyamu ku Chichiri ndi pabwalo la ndege ku Chileka. Kunena zoona, amuna ankaopa. Mwamuna woletsa mkazi wake kupita kokonzekera magule ankatha kuitanidwa ndi atcheyamani a chipani, ndipo azimayi ena ochenjera ankadalira mantha omwewo kuti dzanja la mwamuna litsike. Koma chitetezo chimenecho chinkafikira wodziwika kuchipani. Sichinalembedwe m'lamulo loti mayi wamba angaliloze ndi chala. Mayi womenyedwa pakati pa usiku ku Bangwe analibe njira yopitira kwa Kamuzu ku Sanjika.

Panalinso amuna a ku Joni. Malo aja mumakwererapo basi, amene mumati pa Wenela, anatchedwa choncho chifukwa cha kampani imene inkalemba amuna kupita kumigodi ya ku South Africa. Munthu ankakhalako mpaka zaka ziwiri, mkazi n'kutsala akulera ana. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Amuna zikwizikwi anabwerera kuno, ena atanyamula mabulangete, njinga ndi mawailesi. Ambiri anapeza mabanja awo ali bwinobwino. Koma ena anafikira m'manja mwa amiseche owauza kuti akazi anu tinkawaona ndi auje. Ndinaona mabanja akutha nyengo imeneyo, ndipo mwamuna amene iye mwini anasiya mkazi wina ku Joni ndi amene ankanola chikwanje chifukwa cha mphekesera.

Edzi itafika m'ma 1980 panabuka mkangano wina m'nyumba. Mkazi woona anzake akuperekezedwa kumanda ku Misesa, akakana kugona ndi mwamuna woyendayenda, kapena akanena kuti tikayezetse, ankamenyedwa chifukwa chofuna kulera ana ake ali moyo. Kenaka m'ma 1990 mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito, ndipo amene anagwira mabanja ndi azimayi a geni: tomato, mandasi, kaunjika mumsika wa Limbe. Mkazi wokhala ndi kandalama kake angathe kulipira lendi yekha, ndiye kuti angathenso kuchoka. Amuna ankhanza anaziona msanga zimenezi. Ankalanda mpamba, kumulondola mkazi kumsika, kumunamizira kuti ali pachibwenzi ndi kondakitala.

Malamulo anasintha pang'onopang'ono, ndipo anawasintha ndi anthu amene tinkawaona ndi maso athu. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 24, ananena kuti ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, ndiponso chithandizo choyenera. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, atatuluka m'ndende mu 1993 anayamba kuphunzitsa azimayi za ufulu wawo. Muno mu Blantyre, Mayi Emmie Chanika a bungwe la CILIC ankalandira azimayi ozunzidwa mu ofesi yawo, n'kumalankhula pawailesi mosapsatira. Mayi Seodi White ndi anzawo a bungwe la WLSA anafufuza madandaulo a azimayi n'kulimbikira kuti pakhale lamulo lapadera. Apolisi nawo anatsegula maofesi a Victim Support Unit, kumene nkhani ya m'banja inayamba kulembedwa m'buku m'malo mobwezedwera pakhomo.

Imene inagwedeza dziko lonse ndi nkhani ya mayi wina wa ku Dowa, amene mwamuna wake anamudula manja onse awiri banja lawo litasokonekera. Inamveka pawailesi ndi m'nyuzipepala, ndipo aja ankati nkhonya ndi mankhwala anasowa chonena. Nduna yoona za amayi nthawi imeneyo anali Mayi Joyce Banda, amene anadzakhala pulezidenti mu 2012. Iwo ananenapo poyera kangapo kuti nawonso anachoka m'banja lankhanza atatenga ana awo atatu. Mu 2006 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja, la Prevention of Domestic Violence Act. M'maminibasi a ku Ndirande ndi ku Chilomoni amuna ena ankati lamuloli labwera kudzapasula mabanja. Ine ndinkangowayang'ana, ndikukumbukira mayi wa makina uja. Banja lake analipasula ndi lamulo kodi?

Lamulo limeneli ndikufuna mulidziwe bwino, chifukwa ambiri amangomva dzina. Silinena za kumenya kokha. Kuopseza, kunyoza ndi kutukwana, kukakamiza zogonana, kumana munthu ndalama ya chakudya, zonsezo limati ndi nkhanza. Limateteza mkazi, mwamuna ndi ana, ngakhalenso anthu amene anangoberekerana mwana. Wozunzidwa angapite kwa majisitireti kukapempha chikalata choletsa womuzunzayo kumuyandikira, ndipo zikakhala zoopsa khoti lingachipereke mwamsanga, mlandu wonse usanamvedwe. Koma pamene ine ndinagwira pakamwa ndi pa nkhani ya nyumba. Khoti lingalamule kuti wozunzidwa ndiye akhale m'nyumbamo, wankhanza atuluke, ngakhale wodziwika kwa landilodi akhale wankhanzayo. Chimene tinachisiya kumudzi pokwera basi, boma linachibweza ndi chidindo. Mu 2015 kunabweranso lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja. Limenelo limati anthu ongolowana amene akhala limodzi zaka zosachepera 5, khoti lingawatenge kuti ndi banja, ndipo pogawa katundu liwerengere ndi ntchito za pakhomo zomwe. Ndiye kuti wophika, wolera ana ndi woumba njerwa sachokanso ndi mtolo wa zovala wokha.

Komabe pepala siligogoda chitseko usiku. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa azimayi 100 alionse amene anakwatiwapo, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ambiri amene amafika kupolisi, mawa lake amakathetsa okha mlandu, ndipo musawaseke, funso lawo ndi loona: "Ndikamumangitsa, ana adya chiyani?" Ena amauzidwanso zokagwirizana zija, tsopano ndi anthu a yunifolomu. M'mipingo tikadali ndi alangizi amene pachilangizo cha ukwati amaphunzitsa mtsikana kugwada, kuphika ndi kusunga chinsinsi, osamuuza kuti zikafika pa magazi athawire kuti. Amuna ozunzidwa aliponso. Ndinaonapo bambo wina ku Zingwangwa atathiridwa madzi otentha ndi mkazi wake pamkangano wolekana, ndipo anakana kupita kupolisi poopa kusekedwa ndi amuna anzake. Chilonda chake chinkawawa chimodzimodzi.

Inu anyamata, mawa kapena mkuja mudzakhala ankhoswe a alongo anu. Ine ndaona mabanja ambiri akutha, ndipo ndikukuuzani kuti mlongo wanu akadzakuimbirani foni kuti akufuna kuchoka, tsiku limenelo si lokamba mlandu. Musadzayambe ndi kuitanitsa alamu anu kuti mumve mbali zonse. Mbali zonse mudzazimva iye atagona kwina. Mwamuna amene wakhala akulamulira mnzake ndi nkhonya, akaona kuti munthu uja akumupulumuka m'manja, m'pamene amafika poti tonse tiluze. Mawu akuti "ndikupha kenaka ndidzipha" musamati ndi a mowa.

Zaka zingapo zapitazo ndili ku Bangwe, mwana wa mnzanga wa kumpingo anatsata njira ina. Amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe. Mwamuna wake, dalaivala wa minibasi, anali atamugulula kale dzino, ndipo anali atayamba kugona ndi mpeni pansi pa pilo. Iye sananene kuti akuchoka. Anangouza achimwene ake ndi mayi mmodzi wa kumpingo, basi. Ankatulutsa zinthu pang'onopang'ono m'dengu la tomato: mabuku a kuchipatala a ana, chiphaso chake cha unzika, mapepala a poloti, mayunifolomu a kusukulu. Ndalama ankazisunga ku banki m'khonde. Tsiku lochoka anadikira kuti minibasi ituluke m'bandakucha. Anayambira kupolisi, kumene anamupatsa kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo ku Gulupu, kumene masiku ano kuli malo otchedwa Chikwanekwane opezekapo adokotala, apolisi ndi opereka uphungu pamodzi, mabala ake analembedwa. Ndi mapepala amenewo anapita kukhoti la ku Midima, n'kupatsidwa chikalata chomuteteza.

Mwamunayo sanalekere pomwepo. Ankaimika minibasi moyang'anana ndi benchi ya mkaziyo, osalankhula kanthu, kungomuyang'ana. Mauthenga a pafoni ankabwera usiku wonse, ena opepesa, ena oopseza, ndipo iye sanafufute ndi umodzi womwe, anakawaonetsa kupolisi. Achimwene ake anasiya chipinda chawo ku Chirimba n'kukagona pabalaza m'nyumba ya lendi imene mlongo wawoyo anapeza ku Machinjiri, ndipo anakhalako mpaka mvula inatha. Azimayi anzake a mumsika anapangana kuti madzulo asamapite yekha pasiteji. Ankhoswe a mbali zonse anadzakumana pambuyo pake, kunyumba kwa amalume ake, iye atakhala pakati pa abale ake, ndipo atamufunsa ngati angabwerere anayankha kamodzi kokha kuti ayi. Khoti linathetsa ukwatiwo. Nyumba imene anamanga limodzi ku Bangwe linati igulitsidwe agawane ndalama, ngakhale bamboyo amabweza ogula powauza kuti ili pamlandu. Linamulamulanso kupereka ndalama ya ana mwezi ndi mwezi. Miyezi ina amapereka, ina sapereka, ndipo zikatero mayiyo amasiyira mnzake benchi n'kupita ku Midima kukakumbutsa.